Apongozi a Shadrick ndi Chingwe cha Nayiloni

Nkhani iyi anandiuza ndi Onias Malunga, wobadwira ku Zimbabwe, amene makolo ake anachoka ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu a fodya. Tinakumana pa pantoni ya ku Woolwich, ija yoolotsa anthu ndi magalimoto mwaulere. Ine ndinalibe kopita kwenikweni, ndimangofuna kuona tsidya linalo. Iye amachokera kuntchito, zikhatho zili zong'aluka ngati za mlimi. Atandimva ndikutukwana mphepo m'Chichewa anaseka nati, "Madala, iyi si mphepo iyi. Khalani apa ndikuuzeni za mphepo." Tinaoloka, n'kubwerera, n'kuolokanso nkhaniyo isanathe.

Shadrick Makwinja anali kapitawo wa gulu lomangirira sitima padoko lina laling'ono kumtunda kwa Woolwich, cha ku Charlton. Ntchitoyo imayenda chonchi. Sitima ikayandikira, amalinyero amaponya kachingwe kakang'ono kokhala ndi mfundo yolemera kunsonga. A kumtunda amakawakha n'kukoka mpaka chingwe chenicheni, chonenepa ngati mkono wa munthu wodya bwino, chitafika, n'kuchikoleka pachitsa chachitsulo. Akatero a m'sitima amachikunga ndi makina. Tsiku labata ngakhale munthu wa tulo angathe. Koma doko la Shadrick linali pothina. Kumtunda kwake kunkakhala mabwato achitsulo onyamula mchenga atamangidwa mondondozana, kumunsi kunali mlatho wotsitsira katundu, ndipo sitima za miyala yomangira nyumba zinkalowa pakati pamenepo ngati phazi mu nsapato yobwereka. Zisanalowe zinkayenera kutembenuzidwa pakati pa mtsinje ndi timaboti tiwiri tamphamvu, tokoka ndi kukankha, tomwe amati thagi.

Mkazi wake Peggy anali namwino. Mayi ake atamwalira ku Nsanje, anaitanitsa bambo ake, a Henderson Dzimbiri, kuti adzakhale nawo pa fulati ku Thamesmead. Mkuluyu mapepala ake anayenda bwino, koma iye mwini sanayende bwino. Ankangokhala pawindo kuyang'ana mtsinje, kuyambira m'mawa mpaka mdzukulu wake Mwayiwathu ataweruka kusukulu.

"Bambo a Mwayi, apezereni ganyu ababa kuntchito kwanuko," anatero Peggy tsiku lina akusita yunifolomu. "Angokhala pawindo ngati duwa la m'chitini. Munthu anagwira padoko la ku Beira zaka zonsezo, zingwe amazidziwa kuposa inuyo."

"Iwe Peggy, ine ndikhale kapitawo wa apongozi anga? Ndizikawauza chiyani, kuti thamangani?"

"Muzikawauza kuti yendani mofulumirako pang'ono. Please, Shadi. BP yawo ikukwera ndi kukhala kumeneku."

Shadrick anali munthu woleredwa mwa kale. M'fulati muja kanjira kopita kubafa kanali kopanikiza, ndiye akamva masilipasi a apongozi akubwera ankabwerera kuchipinda n'kudikira adutse. Ankadyera kukhitchini, choimirira. Dzina lawo sanalitchulepo chikwatirireni. Ankati bambo, kapena agogo a Mwayi. Tsono munthu wotere kumupatsa apongozi kuti aziwalamula kunali kumuika pamoto. Koma Peggy akaganiza chinthu sabwerera, ndipo bwana wa padoko, mzungu wa ku Ireland dzina lake Killian, ankasowadi anthu. A Dzimbiri analembedwa.

Shadrick anapeza njira yake. Onias, yemwe ankagwira ntchito m'gulu lomwelo, ndiye anakhala pakamwa pake. Apongozi ali pomwepo, iye ankatembenukira kwa Onias n'kunena kuti, "Awuze madala akaime pachitsa chachitatu," Onias n'kutembenuka, "Madala, akuti pachitsa chachitatu." Azungu a m'gululo ankayesa awiriwa anayambana. Killian anafunsapo ngati pali mlandu, Shadrick n'kumuyankha kuti palibe, n'chikondi chabe. Killian anangopukusa mutu.

Ntchito a Dzimbiri ankaidziwadi. Kachingwe koponyedwa kaja ankakawakha ngati akulandira moni. BP inatsika, anayamba kudya, anayambanso kuimba m'bafa. Koma anali ndi chizolowezi chimodzi chomwe chinkamuuma nacho m'kamwa Shadrick. Chingwe chikayamba kukungika, iwo ankasendera pachitsa, n'kuika chikhatho pachingwepo, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera wailesi ya mabatire otha.

"Chingwe chimalankhula, mwana wanga," ankamuuza Onias. "Chisanaduke chimalira kaye, chimatulutsa fumbi, tiulusi take n'kuimirira. Ukamva zimenezo umachoka bwinobwino, fodya ali kukamwa. Ku Beira palibe chingwe chinandidzidzimutsapo."

Sankanama. Koma za ku Beira m'masiku awo zinali zingwe za khonje. Za pano n'za nayiloni, ndipo nayiloni salira. Amangotamuka ngati mphira ya legeni, n'kumatamukabe, kenako n'kuduka osatsanzika, ndipo nsonga yake imabwerera ndi mphamvu yothyola miyendo yonse iwiri kapena kuchotsa mutu. N'chifukwa chake padoko paja anajambula mizere yachikasu pansi, kusonyeza posaima munthu chingwe chikakungika. A Dzimbiri ankaima pakati penipeni pa mizereyo. Shadrick ankadziwa kuti akapanda kuwachotsa pamenepo, tsiku lina adzakwera basi yekha kukamuuza Peggy kuti bambo ake ali kuchipatala, kapena koipirapo.

Anayesa kudzera mwa Onias. Yankho linali lakuti, "Iwe mwana wa pafamu, nyanja unaionera kuti? Ku Zimbabwe kuli doko?"

Anayesa kudzera mwa Peggy.

"Ababa, akuti musamaime pafupi ndi chingwe chikakungika."

"Akuti ndani?"

"A kuntchito."

"A kuntchito ali ndi pakamwa. Andiuze okha."

Panatsala njira imodzi, kukawanenera kwa Killian. Koma Killian pa nkhani ya mizere yachikasu sankaseka ndi munthu, akanawachotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo Lamulungu lisanafike mpingo wonse wa Amalawi ku Woolwich ukanamva kuti mkamwini wachotsetsa ntchito apongozi. Choncho Shadrick ankangowaika ku zingwe zosavuta, Onias ali pambali pawo kuti aziwacheza mpaka asunthe. Zinayenda choncho miyezi ingapo.

Ndiye kunabwera tsiku lija, chaka cha 2007 chitangoyamba. Mphepo inayamba kutacha, yochokera kumtunda kulowera mumtsinje, yamtundu wokankhira sitima kutali ndi doko. Mabini a zinyalala ankayenda okha mumsewu. Anthu awiri a m'gululo sanabwere, wina akuti mtengo wagwera njanji, wina akuti msana. Sitima ya miyala inali itadikira kale kumunsi kwa mtsinje, madzi anali akudzaza, ndipo madzi a mumtsinje uja sadikira munthu: akayamba kuphwa sitima yolemera singafike padoko. Payiloti, katswiri amene amakwera m'sitima kuti aiyendetse mumtsinje, anaona kuti mphepo yatsikako masana, nati tiyeni.

Killian anawagawa. Onias ndi azungu awiri kutsogolo kwa sitima, Shadrick ndi a Dzimbiri kumbuyo. Shadrick anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma akananena chiyani? Anangotenga wailesi yake ya m'manja n'kuyamba kuyenda, apongozi patsogolo, iye pambuyo.

Sitimayo inatulukira pakhonde la mtsinje pang'onopang'ono, yakuda, yomira ndi katundu. Kutsogolo kunalibe vuto, mphepo inalibe pogwira. Vuto linali kumbuyo, komwe kumakhala nyumba ya amalinyero, yoyera, yaitali ngati fulati ya ku Thamesmead. Mphepo inkamenya khoma limenelo. Mathagi anayamba kuitembenuza, ina kukoka mphuno, ina kukankha thako, utsi wakuda uli tolotolo, madzi akuwira pansi pawo. Pa wailesi mawu a payiloti ankamveka ofatsa ngati munthu woitanitsa tiyi: kankha pang'ono, leka, kankhanso. Thako la sitima linadutsa pafupi ndi mabwato a mchenga aja moti munthu akanalumpha. Shadrick anapuma.

Mlinyero wa kumbuyo anaponya kachingwe. Mphepo inakabweza, n'kugwera m'madzi. Anakakoka, n'kuponyanso, chimodzimodzi. Kachitatu anakaponya motsitsa, ndipo a Dzimbiri anakadumphira n'kukagwira ndi dzanja limodzi m'mphepete mwenimweni mwa doko. Anakoka awiriwo, osayang'anana, mpaka chingwe chachikulu chinakwera chikudontha madzi, n'kuchikoleka pachitsa. Makina a m'sitima anayamba kukunga. Chingwe chimodzi chinagwira, koma pankafunika zinayi.

Pamenepo mphepo inabwerera, ndipo inabwera ndi mvula. Shadrick anaimva kumsana ngati munthu wamukankha. Thagi ya kumbuyo inali itapanikizika pakati pa sitima ndi mabwato a mchenga, ndiye inabwerera m'mbuyo kuti ikapeze pokankhira pena. Kwa kanthawi ndithu thako lonse la sitima, ndi nyumba yake, ndi miyala yake, zinatsalira pachingwe chimodzi chija. Payiloti analeka kufatsa. Anauza a m'sitima kuti amasule makina, chingwe chipume. Wina anayankha kuti makina agwira, sakumasuka. Payiloti anakuwa kuti aliyense wa kumtunda achoke pachingwe cha kumbuyo.

Shadrick anachiona chikuonda. Madzi ankatuluka m'chingwemo ngati chovala chikufinyidwa. Iye anali atabwerera kale kunja kwa mizere. Atacheuka anaona apongozi akusendera pachitsa modekha, akuvula golovesi, n'kuika chikhatho pachingwe, mutu n'kupendeketsa.

"Bambo!" anaitana. Mphepo inatenga mawuwo.

Anayandikira pang'ono, n'kuwerama, manja pamodzi, monga amachitira kunyumba. "Zikomo bambo, kapena tikanasunthirako kuno pang'ono."

A Dzimbiri anakweza chala chimodzi osacheuka, kusonyeza kuti dikirani, ndikumvetsera.

Apa m'pamene Shadrick anachita chinthu choti mzungu aliyense padoko paja sakanachimvetsa. Munthu ali pamaso pake, iye anakweza wailesi n'kuitana kutsogolo kwa sitima.

"Onias, Onias! Awuze madala achoke pachingwe!"

"Ndiwauze bwanji, ndili kuno kutsogolo?" anakuwa Onias. "Wapenga iwe? Awuze wekha! Shadrick, awuze wekha!"

Chingwe chinali chitaonda ngati dzanja la mwana. Shadrick anakoka mpweya n'kukuwa ndi mawu amene sankadziwa kuti ali nawo.

"Henderson! Choka apo iwe!"

Awo anamveka. Mkulu uja anacheuka, koma sanachoke. Anaima chilili, chikhatho chili pachingwe, akumuyang'ana mkamwini wake m'maso kwa nthawi yoyamba, kukamwa kuli yasa. Mawuwo m'malo mowathamangitsa anawakhomera pansi. Shadrick analowa m'mizere yachikasu, n'kuwagwira pakhosi pa jekete, n'kuwakwakwaza ngati thumba la chimanga mpaka kuseri kwa chipupa cha simenti, n'kuwagwetsera m'matope, iye n'kugona pamwamba pawo.

Chingwe chinaduka. Chinalira ngati mfuti, kamodzi. Nsonga yake inamenya pachitsa, n'kupitirira kukaphwanya bokosi lofiira losungira thayala lopulumutsira anthu, lomwe linali pamtengo kumbuyo kwa pomwe a Dzimbiri anaima. Zidutswa zake zinagwa ponseponse.

Sitima inayamba kutalikira doko cha kumbuyo, kulowera pakati pa mtsinje, koma thagi ija inali itapeza malo. Inaika mphuno pathako la sitimayo n'kukankha ndi mphamvu zake zonse, doko lonse kunjenjemera. Pang'onopang'ono thako linabwerera. Payiloti anayambanso kulankhula ngati woitanitsa tiyi. Shadrick anadzuka, n'kutambasula dzanja kuti awadzutse apongozi, n'kulibwezanso. Iwo anadzuka okha, n'kupukuta matope pamaondo, n'kutola chipewa. Kachingwe kena katabwera anakawakha. Anamanga zingwe zinayi zonse osalankhulana, ndipo mkuluyo sanapondenso mzere wachikasu.

Killian anabwera akuthamanga, n'kuyang'ana bokosi lophwanyika, n'kumumenya Shadrick pamsana, akumutcha mwamuna weniweni. Kenako anamufunsa kuti mawu aja amatanthauza chiyani. Apa m'pamene Shadrick anazindikira kuti pokuwa paja chala chake chinali chikadali pabatani la wailesi. Payiloti anamva, a m'mathagi anamva, a mu ofesi anamva, mtsinje wonse unamva.

Pobwerera anakwera basi imodzi yosanja, apongozi pansi, iye m'mwamba.

Madzulo atadya, a Dzimbiri anaitana mwana wawo pabalaza. Mwayiwathu anamutumiza kuchipinda. Shadrick anakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso pakapeti.

"Peggy, uwauze amuna ako kuti zikomo. Lero miyendo iyi ndikanaisiya padoko, mwinanso mutu. Ndaona ndi maso anga. Chingwe chija sichinalire."

Peggy anatembenuka, misozi ili lengelenge. "Mwamva, bambo a Mwayi."

"Ndamva."

"Uwafunsenso," anapitiriza mkuluyo, "dzina langa analitenga kuti?"

"Ababa, inunso! Munthu wakupulumutsani, mukufunsa za dzina?"

"Ndathokoza kale za kupulumutsa. Izi n'zina. Afunse."

Shadrick anatembenukira kwa Peggy. "Uwauze kuti ndinalakwa, Peggy. Ndinayesa mwaulemu, mphepo inali yambiri. Ndipepese bwanji?"

A Dzimbiri anasisita bondo lomwe linasupuka. "Uwauze kuti yatha. Munthu akamaona imfa pakamwa pamathamanga. Sitidzaikambanso."

Ikanatheradi pomwepo. Lolemba onse awiri anapita kuntchito, kunja kuli zii, mphepo itatha. Atangolowa pageti, Killian anatulukira pakhomo la ofesi kapu ili m'manja, nkhope ili mwee, n'kufuula m'Chichewa chake chatsopano, "Henderson! Choka apo iwe!" Azungu a m'gululo anaseka n'kuwomba m'manja. Thagi ina inali ikudutsa, ndipo munthu wa pamenepo anakweza dzanja n'kukuwanso chimodzimodzi, pamwamba pa madzi. Sankanyoza ayi. Kwa iwo anali mawu a ngwazi, ndipo ankayesa mkuluyo asangalala.

Azungu kuwatchula dzina loyamba a Dzimbiri anali atazolowera, ankati sadziwa kanthu. Koma awa anali mawu a kwawo, a iwe, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa pakamwa pomwe anachokera. Onias anayesa kumuletsa Killian ndi maso, koma Killian anabwerezanso, mokweza. Shadrick anangoyang'ana pansi.

Mkuluyo anavula magolovesi, n'kuwasanjika bwinobwino pachitsa chachitsulo, chipewa pamwamba pake, n'kutembenuka kupita kokwerera basi. Palibe amene anamutsatira.

Sabata yomweyo anamuuza Peggy kuti akukakhala ku Wembley kwa mwana wawo wamwamuna Edgar, amene ankagwira ntchito m'sitolo. Peggy analira, anakalipa, anati ababa mukuchita ngati mwana, koma sizinathandize. Mkuluyo anati sanakwiye ndi munthu, kungoti fulati ija njothina, ndipo mkamwini amene wakugonapo pamwamba m'matope sungamapewane nayenso pakanjira ka kubafa, zingakhale zoseketsa. Tsiku lonyamuka Shadrick ananyamula sutikesi mpaka pa siteji. Anaima motalikirana, Peggy pakati. Basi itafika mkuluyo anakwera, n'kulandira sutikesiyo yekha m'manja mwa mkamwini wake, nati, osadzera mwa Peggy, "Muzisamala pazingwe paja, bambo a Mwayi."

"Zikomo, bambo," anatero Shadrick, chitseko n'kutsekeka.

Onias anathera pamenepo, pantoni ikugunda kutsidya. Za mawu a pa wailesi ndikumukhulupirira, anawamva ndi makutu ake. Za pabalaza anachita kuuzidwa, koma zikumveka ngati za anthu akwathu. Chimene ndikukayika n'chingwe. Onias anali kutsogolo kwa sitima, kutali, mvula ikugwa, ndipo zingwe za m'nkhani za anthu a padoko zimakonda kuduka pa nthawi yake yeniyeni. Ine ndikuganiza kuti mwina sichinaduke n'komwe, ndipo anachidula ndi Onias pofotokoza, kuti mnzake asaoneke ngati anagwetsera apongozi m'matope pachabe.